Kawaya Kodulidwa mu Gemu ya Lumbani

Lamulungu limenelo Dominiko Namakhwa anatsika kabaza ku Chilomoni atavala shati yoyera yobwereka kwa msuweni wake, m'manja muli jumbo ya madisiki. Kanali koyamba kuti alowe m'nyumba ya a Msiska. Chiyambireni chibwenzi chake ndi Towela, mwana wawo wamkazi, iye ankangothera kuseri kwa golosale ya pakona, kumene mtsikanayo ankamupeza akanamizira zokagula mayunitsi.

Nzeru yomulowetsa m'nyumba inali ya Towela yemweyo. Mchimwene wake wamkulu, Lumbani, anachita ngozi ya galimoto pa msewu wa Zalewa chaka chatha, ndipo kuchokera pamenepo miyendo yake sinagwirenso ntchito. Munthu woti anaphunzira za magetsi ku koleji, wantchito yabwino, tsopano ankangokhala kuchipinda pa njinga ya olumala. Towela anasiya ntchito ku famase kuti azimusamalira. Chinthu chokhacho chimene chinkamuiwalitsako Lumbani mavuto chinali gemu yake yakale ya pa TV, PS2, koma madisiki ake enieni anali atakalikakalika, ndipo okopera a mumsika gemuyo inkawakana.

Dominiko ankakonza mafoni ndi mawailesi m'kashopu ka malata pa Chemusa. Atamva nkhaniyi anati mankhwala ake alipo: kuwotcherera kachipu, kachipangizo kakang'ono ka magetsi, m'kati mwa gemuyo kuti izilandira disiki iliyonse. Towela anamubweretsera gemu ija, iye anaigwira ntchito ndi mtima wake wonse, anaiyesa pamaso pa Towela, inasewera bwinobwino. Pakati pa sabata mtsikanayo anaitenga n'kukaisiya kuchipinda kwa mchimwene wake.

"Madisiki udzabwere nawo wekha Lamulungu," anamuuza. "Ndikufuna adzaone ndi maso awo kuti wachita ndiwe. Lumbani akaseka, amama wawagwira mtima. Adada adzatsatira okha."

Koma atalowa pabalaza, Dominiko anapeza kuti mlendo si iye yekha. Pa sofa wamkulu panakhala Orton, mwana wa mnzawo wa a Msiska wochokera ku Ekwendeni, mnyamata wa ofesi yoziziritsa, amene banjali linamusankhira kale Towela mumtima. Anali atapingasa miyendo ngati pakwawo.

A Msiska, amene anapuma ntchito m'boma, anali adakali ndi tayi ya kutchalitchi. Anamuyang'ana Dominiko pamwamba pa magalasi.

"Kwanu n'kuti, anyamata?"

"Ndinabadwira ku Manje konkuno, bambo. Makolo ndi a ku Phalombe. Agogo anachokera ku Mozambique."

"Ohoo. Uko kumene mwamuna amasiya kwawo n'kukakhala kwa mkazi?"

"Eya, chikamwini."

"Zimandidabwitsa zimenezo," anatero a Msiska akutembenukira kwa Orton. "Mwamuna wathunthu, wandevu zake, kukagonera pakhomo pa apongozi. Kwathu angakuseke ndi ana omwe."

Orton anaseka chamumtima, akuyang'ana nsapato za Dominiko.

Towela anatulukira akukankha njinga ya mchimwene wake, gemu ija ili pamiyendo ya Lumbani. Lumbaniyo anali munthu wa mapewa akuluakulu, maso ofiira ngati wosagona. Moni wa Dominiko anangoyankha ndi mutu.

Dominiko anagwada kutsogolo kwa TV, analumikiza mawaya, analowetsa mapadi oseweretsera, n'kuikamo disiki ya mpira. Anadina batani. Kanyali kobiriwira kanayaka, kafani kanayamba kulira m'kati. Onse anayang'ana pa TV.

Panalibe kanthu. Mdima wokhawokha.

Anadikira. Anazimitsa, anayatsanso. Anasintha disiki. Anachotseratu disiki kuti gemu iyake yokha. Anazula waya wa kumbuyo kwa TV n'kuubwezeretsa, akuupukuta ndi shati ya eni. Mdima womwewo.

"Kodi imayenera kutero?" anafunsa a NyaHarawa, mayi ake a Towela.

"Mwina ikufuna kukankha, amama, ngati minibasi ya ku Machinjiri," anatero Orton.

Palibe anaseka. Thukuta linatsika m'khosi mwa Dominiko. Anatembenuka kufuna maso a Towela, koma iye ankayang'ana pansi.

Apa ndi pamene Lumbani analankhula, mawu ake otsika.

"Isanapite kwa inu inkayaka. Madisiki inkakana, inde. Koma inkayaka."

A NyaHarawa anagwira pakamwa. "Chinthu chimodzi chokha chimene mwana wangayu anatsala nacho," anatero. "Chimodzi chokha. Towela, unapereka kwa munthu wa m'mbali mwa msewu?"

A Msiska anavula magalasi n'kuwapinda pang'onopang'ono.

"Nyamulani, mukaone chimene mwalakwitsa. Towela, aperekeze alendo. Pa geti basi."

*

Dzuwa lisanalowe uthenga unalowa m'foni ya Dominiko.

"Wafika?"

"Ndafika," analemba. "Towela, gemu ija inkasewera. Unaona wekha kushopu."

"Ndinaona."

"Ndiye bwanji sunanene pamaso pawo?"

Foni inaonetsa kuti Towela akulemba. Anasiya. Anayambanso. Uthenga umene unabwera sunayankhe funsolo.

"Orton akuti amugulira yatsopano, ya masiku ano. Lumbani wakana. Akuti akufuna yake yomweyo."

"Ndiikonza. Koma sunandiyankhe."

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, n'kukhala choncho. Dominiko anakhala pakhonde atagwira foni mpaka sikirini inazima yokha. Chimene chinkamuwawa sichinali nthabwala ya Orton, kapena mawu a a Msiska. Anthu amenewo sanamulonjeze kanthu. Chinkamuwawa chinali kukhala chete kwa munthu amene anaima pambali pake kushopu akuomba m'manja gemu itayaka.

*

Mawa lake anakana ntchito zonse. Mayi wina wa wailesi yosalankhula anamuuza kuti abwere tsiku lina. Anamasula gemu ija n'kuyala zidutswa zake pa thaulo.

Poyamba ankakhulupirira kuti walakwitsa ndi iye. Ntchito ya kachipu ndi yosachedwa kunyenga munthu. Kamalumikizidwa ku bodi ya m'kati mwa gemu ndi timawaya tambiri, topyapyala ngati tsitsi, ndipo kalikonse kamayenera kuwotchereredwa pa kadontho kakekake. Mtovu ukangochuluka pang'ono umagwirizanitsa timiyendo tiwiri toyandikana, gemu n'kufa. Ukachepa, kawaya kamagwira lero n'kutayana mawa, makamaka chinthu chikagwedezeka pa kabaza m'misewu ya mabampu.

Anayamba ndi mafyuzi. Onse anali amoyo. Anatenga galasi lokuzira zinthu n'kuyang'ana kadontho kalikonse, kufuna pamene mtovu wadumphira kwa mnzake. Sanapeze. Anatenthetsa chowotcherera n'kubwerezanso malo onse amene ankawakayikira, kenako analumikiza ku ka TV kake kakang'ono. Kanyali kobiriwira, kafani kulira, mdima. Tsiku linatha choncho, ndipo lotsatira linayamba chimodzimodzi.

Chakumasana magetsi anazima. M'kashopu mopanda zenera munachita mdima, chowotcherera chinazizira. Chinatsala ndi mita yake ya mabatire, imene imalira ukagunditsa nsonga zake ku mbali ziwiri za waya wamoyo.

"Mufera chinthu cha eni, Domi."

Anali Hidaya, mtsikana wa ku Ndirande amene ankagulitsa makava a foni ndi matchaja pa tebulo loyandikana ndi shopuyo. Pa Chemusa aliyense ankadziwa kuti tebulo limenelo silinayandikire pamenepo mwangozi. Analowa atanyamula tochi.

"Bwerani ndikuunikireni. Koma ndinene ndisaname, anthu amene aja sangakupatseni mwana wawo. Mukonze gemu, mukonze TV, mukwere mukonze ndi denga lomwe. Mapeto ake adzakuitanani kuti mudzalumikize masipika pa ukwati wake."

"Unika apa, Hidaya. Zinazo zisiye."

Anawerama onse awiri pa bodi ija, mitu ili pafupi, mpango wa Hidaya ukukhudza phewa la Dominiko. Iye anayamba kuyesa timawaya kamodzikamodzi. Mita inalira. Kena, inalira. Kenanso, inalira.

"Ndasokoneza?"

Towela anali ataima pakhomo, chikwama chili m'khwapa. Hidaya sanafulumire. Anaweramuka pang'onopang'ono, anakonza mpango wake, n'kumwetulira.

"Ayi, asisi, timangothandizana. Wina akakusiya mumdima, wina amabwera ndi tochi." Anaika tochi ija patebulo. "Mubweza mukamaliza, Domi."

Atatuluka, Towela anatsonya.

"Domi? Wafika potchedwa Domi?"

"Wakhala osandiyankha kuyambira Lamulungu, ndiye wabwerera zimenezo?"

"Ndabwera kudzatenga gemu. Ingoitseka choncho, ndikamuuza Lumbani kuti yalephereka. Zatha."

"Sizinathe. Gwira tochi."

Towela anazengereza, koma anaigwira. Dominiko anapitiriza. Anafika pa kawaya kofiira, kamene kamatengera moto ku kachipu. Anagunditsa nsonga imodzi pa bodi, ina pa kachipu. Mita inakhala chete. Anayesanso. Chete.

Mbali zonse ziwiri zinali zowotchereredwa bwino, ndiye vuto linali pakati, pamene timawaya tonse tinadutsa pansi pa katepi kachikasu kamene iye anamata kuti tisagwedezeke. Anatukula katepi kaja ndi nsonga ya singano. Kawaya kofiira kanagawika pawiri pamaso pake.

Anatenga galasi lija. Kuwala kwa tochi kunkagwedezeka pa bodi, ndipo iye anaganiza kuti Towela akunjenjemera ndi mkwiyo wa Hidaya.

"Gwira bwino. Taona apa. Waya akaduka yekha amanyotsoka, nsonga zake zimakhala ngati chingwe chothothoka. Uyu wadulidwa. Taona kusalala kwake. Wina anatsegula gemu iyi, anadula apa, anagunditsa nsonga zake kuti zioneke ngati zili bwino, n'kubwezeretsa tepi. Kachipu kakasowa moto kamatsamwitsa gemu yonse. Ndi chifukwa chake kunali mdima."

Towela anayang'ana kumbali.

"Ndi Orton," anatero Dominiko akumenya tebulo. "Ndi Orton ameneyu!"

"Orton anali ku Lilongwe sabata yonse. Anafika kwathu kuchokera kutchalitchi, limodzi ndi adada. Ndipo munthu amene uja sangasinthe ngakhale babu."

"Ndiye ndani?"

"Ukufuna ndinene kuti ndani? Amama? Adada? Kapena ine?" Mawu ake anakwera mpaka anthu odutsa panja anatembenuka. "Mwina unadula wekha ndi mpeni podula tepi, maso ali pa atsikana a matchaja. Walipeza vuto, lumikiza, ubweretse. Zofufuzafufuzazi uzisiye, Dominiko. Ndakupempha."

Anaika tochi patebulo ili chiyakire n'kutuluka. Panja Hidaya ankaimba kanyimbo chapansipansi akupukuta makava ake.

*

Magetsi atayaka, Dominiko anachotsa kawaya kofiira konse n'kuikapo katsopano. Analumikiza ku ka TV kake, anadina batani. Sikirini inawala, kenako panabwera bwalo lobiriwira ndi phokoso la anthu ochemerera. Sanasangalale. Anaisiya ikusewera mpaka nthawi yoweruka, akungoiyang'ana.

Mawa lake masana anapita nayo yekha ku Chilomoni, atavala shati yake ya kuntchito. A Msiska kunalibe. A NyaHarawa anamutsegulira chitseko osamupatsa mpando, n'kuloza kuchipinda kwa Lumbani.

M'chipindamo munkamveka fungo la mankhwala opaka ndi sopo. Lumbani anali pa njinga yake pafupi ndi zenera, Towela akupinda zofunda. Dominiko analumikiza gemu ku TV yaing'ono ya pakabati. Inayaka nthawi yomweyo.

"Towela," anatero Lumbani, maso ali pa sikirini, "kandigulire mandimu pamsika. Kukhosi kukundikanda."

"Alipo kukhitchini, achimwene."

"Aja anauma. Pita."

Towela anayang'ana amuna awiriwo, anaika zofunda pabedi, n'kutuluka. Lumbani anatenga padi, anathamangitsa kamunthu pa sikirini kanthawi pang'ono, kenako anaiika pamiyendo.

"Mwachedwa kulipeza vutolo. Ndimayesa mukhala mutaliona tsiku loyamba."

Dominiko anayang'ana uku ndi uku m'chipindamo. Apa ndi pamene anaona pa katebulo ka pambali pa bedi, pakati pa mabotolo a mankhwala, kabokosi ka masikuludiraiva ang'onoang'ono ndi chowengera zikhadabo.

"Ndinu, a Lumbani?"

"Mumawotcherera bwino, ndisaname. Manja muli nawo. Ndinavutika kusankha poti ndidule, zonse zinali zaukhondo."

"Ndinakulakwirani chiyani? Ndinagwira ntchito imeneyi kuti inu musangalale."

"Ayi. Munaigwira kuti mutenge mlongo wanga. Tisanamizane, tonse ndife akuluakulu." Lumbani anazunguza njinga kuti ayang'anane naye. "Mukudziwa amene amandichotsa pabedi apa m'mawa? Adada msana unatha, akangowerama BP yakwera. Amama mawondo. Amene amandinyamula, amandisambitsa, amandikhazika pachimbudzi n'kudikira panja pa chitseko mpaka ndimuitane, ndi Towela. Ndikadzionongera, amachapa ndi iye, osauza munthu. Inu mukufuna mumutengere ku Chemusa, ine mundisiyire gemu. Gemu idzanditembenuza ndikachita zilonda kumsana?"

"Tikanakambirana. Munthu angathe kupezeka woti..."

"Wantchito? Anabwerapo awiri. Wina anathawa sabata isanathe, wina ankanditsina amama akatuluka." Anaseka, koma m'maso munalibe chimwemwe. "Ndinali ndi chibwenzi inenso, Ruby. Tinali titasankha kale ndi nsalu ya chinkhoswe. Kuchipatala anabwera, analira kuposa amama. Pano ali ndi mimba ya mnzanga amene ndinkagwira naye ntchito. Ndiye musandiuze za chikondi, bambo. Ndikuchidziwa. Chimatha pamene pathera miyendo."

"Munandichititsa manyazi pamaso pa makolo anu pa chinthu choti sindinalakwe."

"Eya. Ndipo manyazi anuwo mudzaiwala. Mudzakwera kabaza, mudzapeza mkazi wina, mudzabereka. Ine ndidzakhala pano pomwe mwandipezapa." Anatenganso padi. "Pitani mukawauze. Amama ali kukhitchini uko. Kawauzeni kuti mwana wawo wolumala anawononga yekha chinthu chokhacho chimene anatsala nacho. Tione ngati mutuluke bwino pa geti."

Dominiko anaimirira. Ankafuna kumuda munthu ameneyu, ndipo ankamudadi, koma maso ake anagwera pa miyendo yopyapyala imene inalendewera pa njinga, mapazi atavekedwa masokosi osiyana.

"Mwakonza bwino," anatero Lumbani akuyambitsa mpira. "Mukabweranso ndi china, ndidzadulanso. Tsekani chitseko potuluka."

*

Towela sanapite kumsika. Dominiko anamupeza ataima kuseri kwa geti, pansi pa mtengo wa mapeyala, m'manja mulibe ndimu ngakhale limodzi.

"Wakuuza," anatero mtsikanayo. Silinali funso.

Dominiko anaima. "Unkadziwa?"

"Ndinamupeza akutseka. Loweruka masana, ndikubwera ndi madzi osamba. Zomangira zinali pabedi, chowengera zikhadabo chili m'manja."

"Loweruka." Analibwereza liwulo ngati likumuwawa m'kamwa. "Ndiye Lamulungu unandisiya ndivale shati ya eni, ndigwade pamaso pa bambo ako ndi Orton, ukudziwa kuti siyaka?"

"Sindinkadziwa kuti wadula. Anandiuza kuti amangofuna kuona ntchito yako. Ndinafuna kumukhulupirira."

"Itakana kuyaka?"

"Apo ndinadziwa."

"Ndipo unakhala chete. Mayi ako akunditcha wa m'mbali mwa msewu, iwe chete. Ndakhala ndikudzitukwana kushopu, kuyesa manja anga ndi amene anandipereka. Unagwira tochi, Towela. Unandiuza kuti mwina ndinadula ndekha."

"Ndikanatani?" Misozi inatsika, koma sanaipukute. "Ndinene pamaso pa Orton kuti achimwene anga afika pochita zimenezi? Adada akanagwa pomwepo. Iwe ukundiona ngati ndine woipa. Ine ndimadzuka kukada, ndimanyamula mwamuna wolemera kuposa ine, ndimachapa zimene sindingakuuze. Anzanga amene ndinkagwira nawo ntchito sandiimbiranso. Malo okhawo amene ndimakhala munthu ndi kuseri kwa golosale kuja, ndili ndi iwe. Ndipo ngakhale kumeneko ndimakhala ndikumvetsera ngati akundiitana."

"Ndiye ukugwirizana naye?"

"Zimene anachita ndi zoipa. Koma zimene wanena si zabodza. Ndikachoka, amunyamula ndani?"

Dominiko anatsamira geti. Pamsewu panadutsa mayi wogulitsa nthochi, akuitanira malonda ngati dziko lili bwinobwino.

"Pali china," anatero Towela, mawu atatsika. "Orton analankhula ndi adada dzulo. Wavomera kuti akandikwatira sitichoka pano. Adzakonza nyumba yaing'ono ya kuseriyi, tizikhala momwemo, ine ndizipitiriza kusamalira achimwene. Adada avomera. Amalume a Orton akubwera Loweruka likudzali kudzayamba nkhani."

Dominiko anaseka, kuseka kowawa kumene kunamudabwitsa iye mwini.

"Chikamwini? Bambo ako avomera chikamwini?"

"Akuti kwa Orton ndi kudzipereka."

"Kwa ine ndi kupusa kwa mtundu wathu, kwa Orton ndi kudzipereka."

"Sindikumufuna Orton, ukudziwa." Anamugwira dzanja, zala zake zili zokhakhala ndi sopo wochapira. "Tumiza amalume ako asanafike a iyeyo. Lachisanu, ngakhale Lachinayi. Akanene zomwezo, kuti udzakhala pano. Ine ndidzaima pabalaza ndi kunena kuti ndasankha iwe, adada akwiye asakwiye. Ulendo uno sindidzakhala chete."

"Ndidzakhale pano? Mpanda umodzi ndi munthu amene wandiuza m'maso muli gwa kuti chilichonse chimene ndidzabweretse adzadula? Ndizidzamunyamula ine, m'mawa uliwonse, iye akundiyang'ana choncho?"

"Eya. Ndi zimene ndikukupempha. Ndilibe china choti ndikupatse."

Dominiko anatsegula pakamwa, koma mawu asanatuluke, zenera la kuchipinda linatseguka. Phokoso la mpira linamveka mpaka pa geti, ndipo pamwamba pake panamveka mawu a Lumbani.

"Towela! Bwera msanga, ndapanikizika!"

Dzanja la mtsikanayo linachoka lokha m'dzanja la Dominiko, ngati si iye walichotsa. Anayenda pang'ono, n'kutembenuka.

"Undiyankhe lero. Ukapanda kuyankha, Loweruka ndikagwada kwa amalume a Orton."

"Towela!" anakuwanso Lumbani.

Anathamanga. Dominiko anamva chitseko chikutsekedwa, kenako matayala a njinga akulira pa simenti. Anakhala ataima pa geti paja, osalowa, osachoka, mpaka a NyaHarawa anatuluka pakhonde n'kumufunsa ngati waiwala kanthu.